Spitfire ya malume ndi manja anga osafunsa

Anthu a kuno ku Kande anayamba kalekale kupita ku Joni, ndipo wobwerako aliyense amabwera ndi chake: wina wailesi, wina njinga, wina ndalama za malata. Malemu malume anga anabwera ndi Triumph Spitfire, kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kopanda denga lachitsulo, kofupika moti ukakhala pa chiwongolero ukhoza kutulutsa dzanja n'kugwira pansi. Ndi ya mtundu wa Mk3, imene inkapangidwa ku Coventry m'dziko la England kuyambira 1967 mpaka 1970, ya injini ya 1296cc. Anayenda nayo zaka zambiri mumsewu wa M5, ku Chintheche, kutchalitchi ku Bandawe, nthawi zina mpaka ku Nkhata Bay kudutsa m'mitengo ya labala ya ku Vizara. Maso atayamba kufooka anailowetsa m'shedi kuseri kwa nyumba n'kuifunditsa lona. Atatisiya, abale anagwirizana kuti galimotoyo ikhale m'manja mwanga, chifukwa ine ndiye ndinkadziwika kuti ndimadziwa za magalimoto.

Mbiri imeneyo ndinaifalitsa ndekha. Ndinakhala ndi pikapu ya matola kwa zaka ndithu, yonyamula anthu ndi matumba a usipa pakati pa Chintheche ndi Dwangwa, ndipo kunsi kwake ndinkakudziwa bwino: chitsulo chimodzi cholimba cholumikiza mateyala awiri akumbuyo, masipuling'i osanjikizana ogona m'litali mbali iyi ndi iyo, mabawuti omangira, basi. Katundu akachuluka umawonjezera chitsulo chimodzi pa sipuling'i, galimoto n'kudzuka. Zimenezi ndinazichitapo nditagona chagada m'fumbi pa Tukombo, anthu akuonerera n'kumandiyamikira. Ndinkaganiza kuti galimoto iliyonse kumbuyo kwake n'chimodzimodzi, kusiyana kukula kokha. Injini ndinamusiyira makaniko wa ku Chintheche, amene anatsuka makabuleta ake awiri a SU, kusintha mapulagi ndi oyilo, galimoto n'kulira. Atamaliza anati, "Bwana, kumbuyoku tikuonere limodzi." Ndinamuyankha kuti asavutike, zakumbuyo ndi simple.

Tsiku loyamba ndinalowa kunsi n'kuyamba kufufuza masipuling'i pamene ndinazolowera kuwaona, m'mbali mwa mateyala, koma kunalibe, ndinasisita ndi dzanja uku ndi uku, ndinatuluka, ndinalowanso mbali inayo, ndinangopeza kangaude ndi zisa za mavu, ndiye m'malo moti ndikayikire maso anga ndinatuluka n'kukalengeza pakhonde, pamaso pa mayi aang'ono ndi alendo amene anabwera kudzatizonda, kuti galimoto ya malume inachotsedwa masipuling'i. Mayi aang'ono anagwira pakamwa, poti kiyi wa shediyo ankasunga okha zaka zonsezo. Mphwanga wa Fomu 2 ndi amene anakwawira kunsi ndi tochi ya foni n'kufunsa mwaulemu, "Amalume, nanga ichi chapingasa pamwamba apachi n'chiyani?" Inali sipuling'iyo, imodzi yokha, yogona chopingasa kuchoka ku teyala lakumanzere kufika lakumanja, pakati pake itamangidwa pamwamba pa difu. Ndinapita kukapepesa kwa mayi aang'ono madzulo omwewo, ndipo sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinatenga jeke. Ku Kande pansi paliponse ndi mchenga, ndipo jeke ndinaiika popanda thabwa, ikamakwera kumtunda ikumiranso pansi, ndinaichotsa, ndinaika mwala, ndinaiikanso, koma m'malo moilozetsa pa chesisi ndinailozetsa pa lata la pansi pa mpando, ladzimbiri kale, ndipo ndinangomva kuti phwa, mutu wa jeke watulukira m'kati pafupi ndi mpando wa dalaivala. Nditapeza pomaliza malo oyenera n'kuikweza, ndinaona chimene chinandiziziritsa nkhongono. Mateyala onse awiri akumbuyo analendewera n'kupindikira m'kati, kumwamba atatalikirana, kunsi atayandikirana, ngati miyendo ya matewe. Ndinaitsitsa msangamsanga, koma mateyala anakhalabe chomwecho. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndathyola axle.

Usiku umenewo tulo sindinatione. M'mawa ndinapita pa trading centre kukatenga mnyamata wowotcherera, wa manja abwino amene amapanga mafelemu a mawindo ndi ngolo, ndinamulipirira kabaza, ndinabwereka jenereta, ndinamulozera mfundo ziwiri zimene zili pamene mashafti amatulukira mu difu n'kumuuza kuti aziwotcherere ziume gwa, kuti chitsulo chikhale chimodzi monga cha pikapu. Anagwada, anagwedeza teyala, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ada, ichi sichinathyoke. Anachipanga kuti chizipinda. Ndikawotcherera pano, mukangoyenda pang'ono chithyoka chenicheni." Anapempha ana awiri kuti akankhe galimotoyo mamita ochepa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mateyala anabwerera okha m'malo mwake ndikuona. Anali atangokanirira pansi pamene ndinatsitsa jeke. Ndinamulipira tsiku lake lonse, ndipo ndimamuthokozabe chifukwa chokana ndalama ya ntchito yoipa.

Zimene mnyamatayo anaona m'mphindi zochepa ndi zimene ine ndinadzazimvetsa mochedwa, nditawononga kale zambiri. Pa Spitfire difu siyenda ndi mateyala, inamangidwa ku chesisi. Teyala lililonse lili ndi shafti yakeyake, ndipo shaftiyo ili ndi mfundo imodzi yokha, ya kufupi ndi difu. Kunja, kumene kuli teyala, kulibe mfundo, choncho teyala limatsata kupendeka kwa shafti: galimoto ikakwera m'mwamba kunsi kwa mateyala kumalowa m'kati, ikalemedwa kumatuluka kunja. Amakaniko amati swing axle. Sipuling'i yopingasa ija imagwira ntchito ziwiri pakamodzi, kunyamula kulemera kwa galimoto komanso kugwira kumtunda kwa chitsulo choimirira chimene chimasunga teyala. Kachitsulo kena kochoka pa teyala kupita kutsogolo kamaletsa teyalalo kuthawira kumbuyo, ndipo shock imodzi mbali iliyonse imaziziritsa kudumpha. Zitsulo n'zochepa, n'zopepuka, n'zotsika mtengo, ndipo teyala limodzi likagwa m'dzenje linzake silimva nawo. A Triumph anatenga kapangidwe kameneka ku galimoto yawo ya banja, Herald ya 1959, n'kufupikitsa chesisi yake, n'kuiveka thupi lojambulidwa ndi Giovanni Michelotti wa ku Italy. Spitfire inatuluka mu 1962 ndipo pofika 1980 anali atapanga zoposa 314,000.

Koma pa nthawiyo zonsezi sindinkazidziwa, ndipo sindinafune kuzidziwa. Chimene ndinkaona ndi chakuti galimotoyo ndi yofupika kwambiri kwa msewu wathu wamchenga wochoka pa tala kutsikira kunyanja, ndiye ndinaganiza zochotsa sipuling'i kuti ndiilimbitse. Manati ake ali pamwamba pa difu, pa mabawuti asanu ndi limodzi, pamalo pamene dzanja limalowa koma diso silifika. Ndinagona kunsi mpaka dzuwa kupendeka, tsaya lili pa mchenga, dzimbiri likugwera m'maso, sipanala ya 14 ikukana kulowa, ya 15 ikulowa koma ikuterereka, ine n'kumakoka ndi mphamvu zonse mpaka makona a manati atatha n'kusanduka obulungira, zala zitasupuka, kenaka ndinatenga tchizulo ndi hamala n'kuyamba kugogoda mumdima. Galimoto za ku England za nthawi imeneyo zinkayezedwa m'mainchi. Nati ya 9/16 ya inchi ndi mamilimita 14.3, ndipo m'bokosi langa lonse la masipanala a pikapu ya ku Japan munalibe ngakhale imodzi yoyenera. Chopweteka koposa, nditatuluka kuti ndimwe madzi ndinatsamira kumbuyo kwa mipando n'kukankha kapeti mwangozi, ndipo pansi pake panali kachitseko kalata komangidwa ndi tizomangira tochepa. Nditakatsegula, manati onse asanu ndi limodzi anali pomwepo poyera, olumidwalumidwa ndi tchizulo changa.

Bawuti imodzi ndinaithyola, ina inazuka yonse. Ndinakwera minibasi kupita ku Mzuzu, ndinazungulira m'mashopu a zitsulo ndi chidutswacho m'thumba, ogulitsa onse anandiuza zoona kuti mazinga ake ndi a mainchi ndipo alibe, koma ine ndinasankha ndekha ya mamilimita yooneka yofanana n'kunena kuti ilowa basi. Inalowa mizere iwiri n'kulimba, ndinawonjezera paipi ku sipanala, inalowanso pang'ono, kenaka inayamba kuzungulira mosavuta, ndipo aliyense amene anagwirapo sipanala amadziwa tanthauzo la kufewa kumeneko. Mazinga a mu difu yeniyeniyo anali atatha. Mabowowo ndinawasiya osatseka usiku wonse, ndipo unali mwezi wa June, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja n'kumalowetsa mchenga m'shedi. Mabowo amenewo amatulukira m'kati mwa difu, momwe muli magiya ndi oyilo.

Apa mkazi wanga anandiuza modekha, "Abambo, bwanji mumuitane makaniko uja?" Ndinati zatsala pang'ono. Ndinatenga zitsulo ziwiri za sipuling'i yakale ya pikapu, ndinazidula, ndinazibowola, ndinazisanjika pansi pa za Triumph, mabushi ndinasema a teyala lakutha monga timachitira pa matola, ndipo poti sipuling'i inali italimba kwambiri moti sinkafikanso pa mabowo ake, ndinaikanikiza ndi mtengo wa bulugamu mphwanga atakhalira kunsonga, mtengowo unapulumuka n'kundimenya pachibwano, ndinadziluma lilime, ndinalavula magazi, ndinayesanso, mpaka bawuti inalowa. Zonse ndinamanga zolimba galimoto ili m'mwamba pa jeke, osadziwa kuti mabushi amamangidwa galimoto itakhala pansi ndi kulemera kwake, apo ayi amapotoka n'kung'ambika. Nditaitsitsa n'kuikankha, inaimadi pamwamba, masentimita angapo kuposa kale. Mateyala anali opindikira m'kati ngakhale itayenda, koma ine ndinangoona mpata wa pansi pa galimoto, ndipo ndinanyada.

Loweruka m'mawa ndinavala shati yoyera n'kuitulutsa. Mumchenga inayenda bwino, ana akuthamangira m'mbuyo, azungu a m'mathiraki aja amene amagona ku Kande Beach akujambula, asodzi owoka maukonde akukweza manja. Nditafika pa tala ndinakhotera kumpoto, cha ku Chintheche, ndipo confidence inali itabwerera yonse. Kumbuyo kunkadumpha kwambiri, koma ndinati ndi mmene galimoto za mpikisano zimakhalira. Pa kona ina yokhotera kumanja, liwiro lisali lalikulu n'komwe, mbuzi inatulukira m'tchire, ndinachotsa phazi pa moto mwadzidzidzi n'kuponda buleki ndili pakati pokhota, ndipo ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukunyamuka pansi panga, chiwongolero chikupepuka, nyanja imene inali kumanja ikuonekera kutsogolo, kenaka kumanzere, kenaka fumbi, masamba, ndi phokoso la mitengo ya chinangwa ikuthyoka. Galimoto inaima m'munda, itayang'ana kumene ndinachokera, ine ndili chigwirire chiwongolero, miyendo ikunjenjemera.

Mulungu anachita chifundo. Mumsewumo munalibe mwana, munalibe wanjinga, ndipo mbuzi inadutsa bwinobwino. Amayi amene ankayanika chinangwa chovuula pa thandala chapafupi anathamanga akulira poganiza kuti munthu wafa, ndipo atandipeza wamoyo, shati ili mbuu ndi dothi, masamba ali m'mutu, anangoti, "Pepani ada, pepani," ndipo chifundo chimenecho chinandilasa kuposa kuseka. Mwini munda anali mayi wachikulire. Tinawerenga limodzi mapando amene ndinathyola, uku ndikudziwa kuti ndi kondowole wa banja lake wa miyezi ikubwerayo, ndipo ndinalipira osanenerera. Anyamata a kabaza anaikankha kuitulutsa, thirakitala inaikoka kubwerera kunyumba, kudutsa pa trading centre tsiku la anthu ambiri, ine ndili pa chiwongolero m'galimoto yopanda denga momwe mulibe pobisa nkhope.

Safunsa anadya phula. Pamenepo mpamene ndinapita kwa makaniko uja, ndipo iye ananditengera kwa mdala wina wa ku Nkhata Bay amene anagwirapo ma Herald ali mnyamata. Mdalayo sanandinyoze. Anathyola kamtengo n'kujambula pa mchenga difu pakati, mashafti awiri, mateyala. Anati galimoto ikamakhota, teyala lakunja limakanirira pa tala, ndipo mphamvu yokankhira m'mbali imalowera pansi penipeni, pamene mfundo ya shafti ili pamwamba. Ndiye shaftiyo imatukula difu pamodzi ndi thupi la galimoto, thupi likakwera teyala limapindikira kunsi, likapindikira limayenda ndi m'mphepete mokha, ndipo kugwira kwake kumatha mwadzidzidzi. Ukachotsa phazi pa moto uli pa kona, kulemera kumathamangira kutsogolo, kumbuyo n'kupepuka, zonsezi n'kuchitika mofulumira. "Mwana wanga," anatero, "galimoto iyi imafuna kukhala pansi. Iwe unaikweza, unailimbitsa, ndiye unayamba ulendo teyala litapinda kale."

Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti vutoli ndi lodziwika kuyambira kale, ndipo linasautsa akatswiri enieni. Kapangidweka anakalembetsa ndi Edmund Rumpler mu 1903. Volkswagen Beetle, imene achikulire ambiri m'Malawi muno anakwerapo, inali nako, Porsche 356 inali nako, ngakhalenso Mercedes-Benz 300 SL ya 1954, ya zitseko zotsegukira m'mwamba, imene mu 1957 anaisintha potsitsa mfundo yopindirapo. Ku America, Chevrolet Corvair ya 1960 inabweretsa mkangano waukulu, makamaka Ralph Nader atatulutsa buku lake la Unsafe at Any Speed mu 1965. A Triumph nawo anakonza yawo mu 1970 pa Mk IV, ndipo njira yawo ndi imene inandichititsa manyazi kwambiri, chifukwa inali yosemphana ndendende ndi yanga. Anasiya chitsulo chapansi chokha cha sipuling'i chomangidwa ku difu, zinazo n'kuzilola kuti zizipendekera pakati. Kumbuyo kunafewa pa kupendeka, ntchito yoletsa galimoto kupendama anaipereka ku chitsulo chokulirapo cha kutsogolo, ndipo mu 1973 anatalikitsa shafti iliyonse ndi inchi imodzi kuti mateyala aziponda motambalala. Iwo anafewetsa, ine ndinalimbitsa.

Nzeru zanga za matola sizinali zabodza, zinangolowa pakhomo polakwika. Malume akanabwera ndi MGB, imene inapangidwa zaka zomwezo za 1962 mpaka 1980, ndikanapeza kunsi kwake chitsulo chimodzi ndi masipuling'i awiri a m'litali, zimene ndimazidziwa. Akanabwera ndi Datsun 1600 kapena Peugeot 504 ya saluni, ndikanapeza mateyala oyenda palokhapalokha, koma shafti iliyonse ili ndi mfundo ziwiri, ndipo teyala likugwiridwa ndi mkono wakewake wachitsulo, choncho silipindikira kunsi mwa njira ija. Galimoto ziwirizi zinapambana mpikisano wa Safari ku East Africa, Datsun 1600 SSS mu 1970 ndi Edgar Herrmann, Peugeot 504 mu 1975 ndi Ove Andersson, m'misewu yoipa kuposa yathu. Galimoto zinayi, za nyengo imodzi, njira zitatu zosiyana zomangira kumbuyo, ndipo iliyonse ili ndi chifukwa chake. Ine ndinkadziwa imodzi.

Mdala uja anagwira ntchitoyo pang'onopang'ono, ine ndikupatsira zida. Anachotsa zitsulo zanga za pikapu, anatsitsa difu n'kuitsuka ndi palafini mpaka mchenga wonse utatuluka, anatumiza ku Mzuzu kuti akakonze mazinga amene ndinawononga, ndipo mabushi enieni ndi mabawuti a mainchi anatitumizira msuweni wanga wa ku Joni pa basi. Masipanala ake anali m'kathumba ka lona, ofiira ndi ukalamba, olembedwa 1/2 ndi 9/16. Pomanga anayamba waitsitsa galimoto pansi, anaika matumba a mchenga pa mipando yonse iwiri, anaikankha kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka n'kulimbitsa mabawuti. Ndalama zimene zinapita pokonza zimene ndinawononga ine zinaposa zimene zikanapita pokonza zimene zaka zinawononga, ndipo bowo la pansi pa mpando lija lili ndi chigamba chimene ndimachiona tsiku lililonse ndikamalowa.

Panopa ikuyenda. Mumchenga wathu imakhula mimba malo awiri, ndipo ndimatsika n'kusalaza ndi khasu m'malo moikweza. Pa kona ndimachepetsa liwiro ndisanalowe, ndikalowa phazi silichoka pa moto. Ndikusunga ndalama za sipuling'i ya mtundu wa Mk IV ndi chitsulo chake cha kutsogolo, chifukwa zimenezo zimagulidwa limodzi, ndipo zikadzafika adzamanga ndi mdala uja, ine ndikugwira tochi. M'mbali mwa nyanja muno, kuchokera ku Tukombo mpaka ku Nkhata Bay, ndikukhulupirira kuti alipo ena amene makolo awo anawasiyira galimoto zakale m'mashedi ndi pansi pa mitengo ya mango. Musazigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo musaziwotcherere chifukwa chakuti zikuoneka zachilendo. Pezani buku lake, pezani masipanala ake, ndipo fufuzani achikulire amene anazigwirapo akadali ndi mphamvu zogwada pansi pa galimoto, chifukwa atsala ochepa.